Tsache la a Mwanahawa

Pa sadaka ya azakhali anga a Mwanahawa, mwezi wathawu ku Liwaladzi, ndinamva mawu oti mpunga unatsala pang'ono kunditsamwa. Mayi wina anati malemuwa anali mayi wa mudzi wonse. Mnzake anawonjezera kuti anali ndi mtima wa mwana, osadziwa kusunga mangawa. Ine ndinangoweramira m'mbale. Aaa, anthu inu! Pakamwa pomwepo ndi pamene kwa zaka zonsezi pankatuluka mawu oti, “Ana inu, lowani m'nyumba, akubwera aja.” Lero poti munthu wagona kumanda ndiye wasanduka mayi wa mudzi.

Za mtima wa mwanazonso ndi bodza. Azakhali, alongo awo a bambo anga, anali munthu wovuta, ndipo ine amene ndinkawakonda ndikhoza kunena zimenezi popanda wondiletsa. Anali aafupi, owonda, oyenda mofulumira, mpango atamanga mpaka m'maso, ndipo sankakhulupirira munthu. Ukawapatsa moni wautali, wofunsa mpaka za nkhuku, ankakuyang'ana cham'mbali n'kukufunsa chimene wabwerera. Nsomba ankayamba ainunkhiza ngakhale aiona ndi maso awo ikutsika m'bwato. Chimene chinkawadanitsa kwambiri ndi azimayi anzawo n'chakuti sankakhala pamkeka wa eni asanaunyamule n'kukaukuntha panja, mwininyumba akuona. Ankati ukhondo wa nyumba suoneka pakhonde, umaoneka pa akakolo a mlendo akamatuluka.

Ndi bambo anga ndiye ankangokhalira kukangana, nkhani yake nkhuku. Bambo ankagoneka nkhuku m'nyumba poopa akuba. Azakhali ankati wakuba amatenga nkhuku imodzi n'kupita, pomwe utitiri umadya banja lonse osachoka. Dzinja lina lonse anakana kulowa m'nyumba mwathu. Ankabwera ndithu, koma n'kumadyera pakhonde mvula ikuwanyowetsa kumsana, mpaka bambo anatopa n'kumanga khola. Atalimanga, azakhali analizungulira, analigwedeza, n'kunena kuti achimwene amangira kuti anthu aone chabe, nkhukuzo azizilowetsabe m'nyumba kukada. Chokwiyitsa n'chakuti ankanena zoona.

Kuseri kwa nyumba yawo kunali kamunda kopanda chodya ngakhale chimodzi. Munali chitsamba chija aliyense amachizula m'chinangwa n'kutaya, chimene chimamera m'matsala ndi m'mbali mwa msewu, chotalika kufika m'chiuno, chamaluwa ang'onoang'ono oyera okhala ndi kachikasu pakati. Maluwawo amafanana ndi a chisoso koma ndi ocheperapo, ndipo akauma amasanduka tiubweya touluka ndi mphepo, tomata pachitenje. Dzina lake lenileni sindilidziwa. Azakhali ankangoti mankhwala a utitiri, mudzi wonse n'kumati maluwa a Mwanahawa. Masamba ake ukawafikisa m'manja amatulutsa fungo lowawa ngati la fodya wonyowa, ndipo silichoka msanga.

Ankachidula mame atauma, n'kuchimanga ndi mlaza kukhala tsache. Polowa m'nyumba ankayamba awaza madzi pansi, n'kusesa kuyambira pangodya ya kuchipinda kubwera kukhomo, osadumpha ngakhale pansi pa mtsuko. Zinyalalazo ankaziwotcha panja nthawi yomweyo. Kenako ankafikisa masamba ena n'kuwaika kunsi kwa mikeka. Kaya utitiri unkathawadi maluwawo, kaya unkangotha chifukwa cha kusesa kwankhanzako ndi motowo, ine sindidziwa. Ndinawafunsapo tsiku lina, anandiyankha kuti ndikafunse utitiriwo. Ufa wophera tizilombo wa m'golosale sankaufuna n'komwe. Ankati chimene wawaza pansi lero, mawa chili m'kamwa mwa mwana wokwawa.

Ntchito imene inawatchukitsa inali ya pamaliro. Kwathu kuno zovuta zikagwa, azimayi timagona pansi m'nyumba ya siwa masiku angapo, mothithikana, ndipo nyumba zambiri ndi zozira ndi dothi, nkhuku ndi mbuzi zili pafupi. Amati zinayamba amuna a azakhali atamwalira kalekale. Okhuza ochokera ku Mwadzama anabwerera kwawo miyendo ili zilondazilonda, n'kumakafalitsa kuti ku Liwaladzi analira kawiri, maliro ndi utitiri. Manyazi amenewo azakhali sanawaiwale. Kuyambira pamenepo, mfuu ya maliro ikangomveka, iwo sankathamangira kukalira ngati anzawo. Ankayamba alowa kuseri ndi mpeni. Pofika azimayi ndi mikeka yawo, nyumba inkakhala itasesedwa kale. Sankalandira kanthu, ndipo wowathokoza kwambiri ankamukayikira.

Zaka zitapita, fungo lija linasanduka la maliro. Ife amene tinakulira pamenepo, ukalimva panjira unkayamba kuwerenga m'mutu amene akudwala. Pa ukwati wanga azakhali anabwera ndi tsache kuti asesere alendo a kuchimuna, ndipo mayi anga anawagwadira pabwalo kuwapempha kuti pepani alamu, lero lokha ayi, anthu angaganize zina. Azakhali anati ndiye kuti mukufuna alendo akalumidwe kuti akatinene, anakwiya, mpunga wa ukwatiwo sanaudye. Kwa iwo linali fungo la nyumba yoyera basi, ndipo aliyense wonena zina anali waulesi wofuna pobisala. Ana awo anamwalira ali aang'ono, ndiye ankakhala okha. Mukudziwa mmene anthu amamuyang'anira mayi wokalamba wokhala yekha amene amafika woyamba pamaliro alionse. Manong'onong'o analipo kale, ankangosowa pogwira.

Pogwirapo panapezeka pa Yasini.

Yasini anali msodzi, mwana yekhayo wamwamuna wa mayi wina wa kumunsi kwa mudzi amene tonse timangowatchula amake Yasini. Anadwala nthawi yaitali, anagonekedwa kuchipatala kuboma, kenako anabwera naye kunyumba atatha, mafupa okhaokha. Ankagona pamkeka m'nyumba ya amake, momwenso munkagona nkhuku. Azakhali anapita kukamuzonda monga anachitira wina aliyense. M'mawa mwake anabwereranso, tsache lili m'khwapa. Amake Yasini anali atatsikira kunyanja kukatsuka mbale ndi kutunga madzi. Azakhali sanadikire. Anamusuntha wodwalayo ndi mkeka wake womwe, anawaza madzi, anasesa, anaika masamba kunsi kwake, n'kukoleza zinyalala pabwalo.

Amake Yasini akukwera kuchokera kunyanja, ndowa ili pamutu, anaona utsi pabwalo pawo. Kenako fungo linawapeza. Amati ndowa inagwa n'kung'ambika, ndipo mayiwo anayamba kulira maliro ali panjira pomwepo, manja ali kunkhongo, akutchula dzina la mwana wawo. Azimayi a nyumba zoyandikana anailandira mfuuyo monga timachitira, osafunsa. Amuna anasiya maukonde pamchenga. Wina anali atathamangira kale kwa shehe. Khamu lonselo litafika pakhomo likulira, linapeza Yasini ali maso, watsamira khoma, akumvetsera maliro ake omwe. Azakhali anali pambali akumangitsa tsache lawo, ndipo anafunsa kuti kodi wamwalira ndani.

Sabata isanathe Yasini anamwaliradi.

Tsopano panalibenso zonong'ona. Anamusesera ali moyo. Anamulaula. Anadziwa bwanji? Wina anakumbuka kuti chaka china azakhali anadula maluwa madzulo, maliro n'kumveka m'mawa mwake. Wina anati chitsambacho chimamera bwino kumanda, nanga iwo mbewu anaitenga kuti? Chitsamba choti chili m'munda mwa aliyense! Koma munthu akafuna kukupeza ndi mlandu, ngakhale kayendedwe kako kamakhala umboni.

Tsiku la maliro a Yasini ine ndinalipo. Azakhali anabwera ngati kale, tsache latsopano lili m'manja, poti kwa iwo maliro ndi maliro. Amake Yasini anatuluka m'nyumba n'kuima pakhomo, maso ali psuu.

“Mwabwera kudzamaliza?”

“Ndabwera kudzasesa, anthu agone.”

“Munasesa kale. Mwana wanga munamusesa kale. Bwererani nazo zanuzo, mukasesere amene mwamuika pamzere.”

Palibe amene anawaikira kumbuyo azakhali, ngakhale bambo anga. Azakhali anayang'ana azimayi onse mmodzimmodzi, anthu amene anawasesera pa maliro a amuna awo ndi a ana awo, ndipo aliyense anapeza chochita ndi mpango wake. Azakhali anatembenuka n'kumapita, tsache lili m'khwapa, ulendo uno osafulumira.

Masiku omwewo anyamata anakatchetcha kamunda kaja masanasana, akuimba zonyoza. Miyala inayamba kugwa padenga. Shehe analankhulapo kumzikiti kuti kutchula munthu mfiti popanda umboni ndi tchimo lalikulu, anthu anagwedeza mitu, koma potuluka anapitiriza kulambalala njira ya kwa azakhali. Pamjigo ankawasiyira mpata waukulu ngati ali ndi nthenda yopatsirana. Za maliro anasiya kuwauza. Ine ndinachita mantha zedi, poti tamva zimene zimazichitikira nkhalamba m'midzi ina zikapatsidwa dzina limeneli. Ndinachoka ku Dwangwa, kumene amuna anga amadula nzimbe, kudzawatenga kuti tizikakhala limodzi.

Anakana. Anati wothawa ndiye kuti wavomera. Anandifunsanso kuti wandituma ndani, mwina pali amene akufuna malo awo. Ine, mwana wa mchimwene wawo! Ndinapsa mtima, ndinalira, ndipo m'kupsa mtimako ndinawafunsa funso limene mudzi wonse unkafunsa kumbali.

“Nanga azakhali, munaseseranji munthu ali moyo? Simunadziwe kuti anthu adzati chiyani?”

Anaika pansi chinangwa chimene ankasenda. Kenako anati, “Iwe Asiyatu, unaiona miyendo ya mwana uja? Inali bii. Mphamvu zokandira analibe. Nditawerama kuti ndimupatse moni, anandigwira chitenje n'kunena kuti, ‘Gogo, utitiri ukundidya ndisanafe.’ Ndiye ndikanadikira chiyani? Kuti afe kaye, ndidzasesere athanzi?”

“Bwanji osawauza anthu zimenezi?”

“Mboni yanga ili kumanda. Ndikanena, adzati mfiti yayamba kulankhulitsa akufa. Ndipo iwe usakauze munthu.”

“Koma munkadziwa kuti amwalira?”

“Aliyense wa maso ankadziwa. Amake omwe ankadziwa. Nanga analiriranji asanalowe m'nyumba?”

Tsiku lomwelo ndi limene anandiuza chimene ankaopa. Sinali miyala, sunali moto. Ankaopa kuti tsiku lawo likadzafika sipadzapezeka mzimayi wowasambitsa ndi kuwaveka nsanda, kuti adzangowanyamula mothamanga, m'nyumba mwawo osagonamo munthu wokhuza. Tangoganizani, munthu woti moyo wake wonse wakhala akukonzera anzake pogona. Sanaibwerezenso nkhaniyo. Ulendo wotsatira nditaiyamba, anandifunsa ngati ndabwera kudzawayeza nsanda.

Chitsamba chija chinaphukanso ndi mvula yoyamba, chochuluka kuposa kale, poti otchetcha aja anangothandiza kumwaza mbewu. Azakhali anapitiriza kusesa nyumba yawo yokha. Mfuu ya maliro ikamveka ankadulabe tsache, n'kulimanga, n'kulikoleka pamsomali wa pakhonde kuti wofuna atenge. Linkauma pomwepo. Musaganize kuti anafatsa ayi. M'mawa okhuza akamadutsa akukanda miyendo, iwo ankakhala pakhonde n'kufuula mokoma kuti, “Mwagona bwanji kumeneko? Mwagonadi?” Alendo a kutali akafunsa kuti agogo osesa aja anapita kuti, eni mudzi ankasintha nkhani.

Zaka zinapita choncho. Anthu anayamba kuwapatsanso moni, koma wa chapatali, ndipo iwo ankauyankha mofanana. Chakumapetoku maso anayamba kuchita mdima, miyendo inkatupa, kuwerama kunkawavuta. Nkhuku za eni zinazolowera kulowa m'nyumba mwawo n'kumaikira m'ngodya, iwo osaziona. Ndikabwera ndinkawasesera, akundikalipira kuti ndikusesa ngati ndikupepesa pansipo.

Chaka chatha, nyengo ya mwera, ndinali kuchipatala kudikirira mwana wanga amene anali woyembekezera. Foni inandipeza m'mawa kuti azakhali atisiya m'bandakucha, atadwala masiku ochepa. Kwathu sitigoneka maliro, choncho ndinakwera minibasi yoyamba, njira yonse mtima uli pa mawu awo aja. Ndinkadziona ndikuwasambitsa ndekha.

Nditatsika pamsewu n'kuyamba kutsetsereka, fungo linandilandira ndisanaione nyumba. Pabwalo panali anthu, osati ochepa. M'nyumba munali mosesa mpaka m'ngodya, azimayi atakhala pamikeka, madzi osambitsira ali pamoto. Ndinalira, ndipo misozi ina inali ya mpumulo. Kaya anabwera chifukwa cha chisoni, kaya poopa kuti mzimu wa munthu amene anamuzunza ungawabwerere, sindinafunse. Anawasambitsa, anawaveka nsanda, amuna ananyamula jeneza kupita kumanda.

Koma ine ndine wa m'banja lomwelo, kukayikira tili nako m'magazi. Titakhala pansi ndinapisa dzanja kunsi kwa mkeka. Masamba amene ndinatulutsa anali ouma, ofumbutuka m'manja. Chitsamba chimenechi ndimachidziwa: chodula m'mawa chimafika madzulo chikadali chofewa. Awa anali a masiku angapo. Phulusa la zinyalala panja linali lozizira, nkhuku zitalipalasa kale. Ndiye kuti wina anawasesera azakhali ali moyo. Iwo eni ake sakanatha, poti onse ankati kuyambira tsiku limene anagwa sanadzukenso.

Ndinafunsa. Aliyense anati anapeza mosesa kale. Mayi amene ankawabweretsera phala anati iye ankangosiya mbale n'kutuluka, zina sakudziwa. Amake Yasini anakhala kumapeto kwenikweni, pafupi ndi khomo, osalira mokweza, osalankhula ndi munthu. Kumunsi kwa chitenje chawo kunali tiubweya tija. Koma mwera unkaomba, tiubweyato tinali pa aliyense, ndiye ndikanati chiyani?

Chaka chonse nkhaniyi yakhala ikundidya. Ngati anali amake Yasini, anabwera ndi mtima wanji? Kudzachita chifundo, kapena kudzabweza malaulo, kuti azakhali nawonso amve fungo la maliro awo ali maso monga anamvera Yasini? Tsache ndi lomwelo, kasesedwe n'komweko. Ndipo azakhali atagona pamenepo, osatha kudzuka, n'kumva kuti amene walowa ndi tsache ndi mayi uja anawathamangitsa pamaliro, anaganiza chiyani, iwo oti sankakhulupirira ngakhale moni?

Pa sadaka paja, otamanda atatha zawo, ndinawapeza amake Yasini kuseri akutsuka mapoto okha. Akalamba tsopano, msana wapindika. Ndinagwada pambali pawo n'kutenga poto wina.

“Amayi, m'nyumba muja munasesa liti?”

Sanafunse kuti nyumba iti. Anapitiriza kukwecha poto ndi mchenga.

“Utitiri unkawadya asanafe,” anatero.

Mawu amenewo azakhali anauza ine ndekha, ndipo ine sindinauze munthu, ngakhale amuna anga. Ndiye mayiwa anawamva kuti? Mwina azakhali anawauza ali pamphasa ya imfa. Mwinanso Yasini mwini wake anawauza amake m'masiku ake omaliza aja kuti ndi iye anapempha, ndipo mayiwa anadziwa zoona kuyambira pachiyambi, n'kukhala nazo chete miyala ikugwa padenga la nkhalamba. Ndinatsegula pakamwa kuti ndifunse. Iwo anathira madzi m'poto, anandipatsa kuti nditsukuluze, n'kudzuka movutikira kumapita.

Ndisanakwere minibasi ndinapita kunyumba ya azakhali. Chitseko wina anachizula, denga lagwa mbali ya kunyanja. Chitsamba chija chadzaza bwalo lonse mpaka pazenera, chili mbuu ndi maluwa, ndipo njira ya anthu yapatuka n'kukazungulira patali. Palibe amene amadulapo. Pamsomali wa pakhonde pakadali mlaza womangira tsache lomaliza, masamba ake anayoyoka kalekale. Ndinalowa n'kuima pakati pa chipinda, pamene pankakhala mkeka wawo. Sindinakhalitse. Nditayang'ana pansi, akakolo anga onse anali bii ndi utitiri.